Madaiva asanafike, adzapulumutsa mwana ndani?

MITAMBO ikayamba kuunjikana mu November alimi amakondwera, ndipo m'pomveka. Koma m'makomboni a Lusaka monga George, Kanyama, Chawama ndi Misisi, mvula yomweyo imabwera ndi nkhawa imene kholo lililonse liidziwa. Maenje amene anthu anakumba m'cilimwe pofuna miyala, mcenga ndi dothi la njerwa amadzaza madzi, ngalande zimasefukira, ndipo ana amaona ngati apeza malo osambira.

Zimene zimatsatira ambiri a ife tinazionapo. Kumamveka mfuu, anthu amathamangira kudzenje, amai amayamba kulira, wina amaimba foni. Khamu limaima m'mphepete kuyembekeza akatswiri olowa pansi pa madzi, amene timangoti madaiva. Akatswiriwa amafika patapita maola, nthawi zina m'mawa mwake, ndipo amagwira nchito yoopsa m'madzi akuda kufikira atapeza thupi.

Tiwathokoza amuna amenewa, pakuti cifukwa ca iwo banja limapeza mtembo woika m'manda. Koma tikambe zoona. Daiva amene wacokera kutali amabwera kudzatenga mtembo. Moyo umapulumuka kapena kutayika iye asananyamuke n'komwe.

Madokotala amatiuza kuti ubongo wa munthu ukasowa mpweya umayamba kuonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6. Palibe galimoto imene ingacoke m'tauni, kudutsa Matero ndi kulowa m'tinjira ta matope ta mu George pa mphindi zimenezo. Ndiye kuti moyo wa mwana amene wavuulidwa m'madzi uli m'manja mwa amai ogulitsa tomato pafupi, mnyamata woswa miyala kapena katekisiti amene anali kudutsa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Maganizo athu ndi awa: aliyense amene amalowa m'madzi kukapulumutsa anthu, kaya ndi wa boma kapena ndi mnyamata wa m'komboni, ayenera kuphunzira thandizo loyamba ndi kukhala ndi satifiketi yosatha nchito. Ndiponso mphakati uliwonse ndi gulu lililonse la alimi likhale ndi anthu ake ophunzitsidwa.

Vuto la maenje si lacilendo mu George. Mbiri imati komboniyi inatenga dzina lake kwa George Hadjipetrou, amene anali ndi bizinesi youmba njerwa m'deralo dziko lisanalandire ufulu. Kuyambira kale, anthu a m'makomboni akhala akupeza cakudya mwa kukumba nthaka, ndipo pamene pakumbidwa pamatsala dzenje. Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka kumadzulo ndi kum'mwera, ili pa miyala ya laimu ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri, conco dzenje silicedwa kusanduka damu. Damu la Ngwenya ku Misisi linayamba monga malo okumba miyala. Acikulire akumbukira madzi osefukira a ku Kanyama mu 1978, ndipo mu 2010 mabanja ambiri anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Mipopi imene inabwera mu George m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la dziko la Japan inathandiza kwambiri, koma zitsime zosazama za pakhomo sizinathe, ndipo mwana wongoyamba kuyenda angathe kumira ngakhale m'ndowa.

Si kuno kokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa mwa kumira m'caka ca 2021. Mwa anthu anai alionse, pafupifupi mmodzi anali mwana wosakwana zaka zisanu, ndipo poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu, Africa ndiye anali patsogolo. N'cifukwa cake mu 2021 bungwe la United Nations linasankha 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira.

Tsono tiyeni tione mmene amacitira anthu amene kulowa pansi pa madzi ndi nchito yao kapena masewera ao. Awa ndi amene amabereka botolo la mpweya kumsana, monga aja a ku Nyanja ya Tanganyika kapena ku Nkhata Bay ndi Cape Maclear m'dziko la Malawi. Bungwe lalikulu lophunzitsa madaiva otere ndi PADI, limene linayamba ku America mu 1966. Bungweli lili ndi lamulo limene tifuna kuti aliyense alimve bwino. Munthu sangalandire satifiketi ya daiva wopulumutsa anzake ngati sanaphunzire thandizo loyamba, kuphatikizapo kutsitsimutsa mtima ndi kupuma, m'miyezi 24 yapitayo. Ngakhale akhale katswiri wosambira ngati nsomba, ngati maphunzirowo anatha zaka zitatu zapitazo, ayenera kuwabwereza.

Lamuloli lili ndi nzeru ziwiri. Coyamba, kuvuula munthu m'madzi ndi theka cabe la nchito. Wovuulidwayo akakhala kuti sapuma, ndipo womuvuula sadziwa cocita, ndiye kuti wangosamutsa maliro kucoka m'madzi kufika pamtunda. Caciwiri, manja amaiwala. Munthu amene anaphunzira zaka khumi zapitazo ndipo sanayesezenso amacita mantha ndi kusokonezeka tsiku la ngozi. Zaka ziwiri zikakwana, ayenera kugwadanso pa cidole cophunzirira pamaso pa mphunzitsi.

Daiva nayenso ali ndi ngozi zake zimene ambiri sitizidziwa. Akamatsika, madzi amamupanikiza kwambiri, ndipo pa mamita 10 kupanikizako kumakhala kutawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Mpweya wa naitrojeni umene amapuma umalowerera m'magazi ndi m'minofu. Akakwera mofulumira, mpweyawo umacita thovu m'thupi monga mmene cimacitira cakumwa ca gasi mukatsegula botolo mwadzidzidzi. Munthu amamva kupweteka m'mfundo, dzanzi, cizungulire, ndipo angathe kufa ziwalo kapena kumwalira. Thandizo lake loyamba ndi kumugoneka pansi, kumupatsa mpweya wa okosijeni weniweni ndi kuthamangira naye kucipatala. Sayenera kubwezedwa m'madzi. Mankhwala ake eni-eni ndi cipinda capadera copanikiza mpweya, conga zimene zili ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town.

Palinso cina cimene cikhudza ife a kuno. Miyeso imene madaiva ambiri amaphunzira inakonzedwera malo osapitirira mamita 300 pamwamba pa nyanja yamcere. Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,280, ndipo ngakhale Kariba ndi Tanganyika zapitirira malirewo. Daiva wa m'Zambia afunika maphunziro oonjezera, ndipo amene walowa mozama ku Siavonga sayenera kukwera mapiri kubwerera ku Lusaka nthawi yomweyo asanapumule mokwanira.

Dziko lonse linaona kufunika kwa zimenezi mu 2018, pamene anyamata 12 a timu ya mpira ndi mphunzitsi wao anatsekeredwa ndi madzi m'phanga la Tham Luang ku Thailand. Onse anatulutsidwa amoyo, ndipo mmodzi wa amene anathandiza kwambiri anali Richard Harris wa ku Australia, amene anali daiva komanso dokotala. Koma Saman Kunan, amene kale anali daiva wa asilikali a pamadzi a dzikolo, anafera m'phangamo pogwira nchitoyo. Ngati madzi angatenge katswiri wotero, nanga mnyamata wathu wolowa m'dzenje ndi kabudula cabe?

Conco pempho lathu loyamba lipite kwa akulu-akulu a Zambia Army, Zambia Police ndi ozimitsa moto a Lusaka City Council, amene amaitanidwa pakacitika ngozi za m'madzi. Aliyense amene mumutuma kulowa m'madzi akhale ndi satifiketi ya thandizo loyamba yosapitirira zaka ziwiri. Pamalo a ngozi pakhale botolo la okosijeni ndi munthu wodziwa kuligwiritsa nchito, osati cifukwa ca womira yekha, komanso cifukwa ca daivayo. Iyenso ndi tate wa ana, ndipo banja lake limamuyembekeza madzulo. Tipemphanso kuti m'nyengo ya mvula gulu lina la akatswiriwa lizikhala pafupi ndi makomboni amene amasefukira.

Pempho laciwiri likhudza anyamata athu. M'komboni iliyonse muli anyamata odziwika kuti ndi olimba mtima m'madzi. Ena anakulira ku Luapula, ku Mongu kapena m'mbali mwa Luangwa. Pakacitika ngozi ndi iwo amene amaitanidwa poyamba, ndipo nthawi zina banja limasonkha kandalama kowathokoza. Amalowa opanda cingwe, opanda mnzao wowayang'anira, m'madzi amene pansi pake pali zitsulo, mabotolo osweka ndi matope omata. Ena amayamba amwako kuti acotse mantha. Sitifuna kuwanyoza anyamata amenewa. Tifuna alembedwe maina, aphunzitsidwe, apatsidwe zingwe ndi majekete oyandamitsa, ndipo adziwe malire ao. Phunziro loyamba la daiva aliyense wopulumutsa anthu ndi lakuti asasanduke mtembo waciwiri.

Pempho lacitatu ndi la kwa ife tonse, akhristu a m'miphakati ndi alimi. Pali zinthu zocepa zimene munthu wamkulu aliyense ayenera kudziwa.

Mukaona munthu akumira, fuulani ndipo tumani munthu mmodzi, momuloza ndi cala, kuti aimbe 991 kwa apolisi, 992 kwa ambulansi kapena 993 kwa ozimitsa moto. Mukangoti "wina aimbe foni," aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale. Musadumphire m'madzi ngati simunaphunzitsidwe, pakuti womira amagwira ndi mphamvu zonse ndipo amamiza womuthandiza. Gonani pansi m'mphepete ndi kumutambasulira mtengo, nsungwi kapena citenje. Ngati ali patali, muponyereni cingwe kapena cigubu copanda kanthu cotseka bwino. Cigubu ca malita 20 cimene timatungira madzi cingathe kuyandamitsa munthu.

Akatuluka, mugonekeni cagada pamalo olimba. Pendeketsani mutu wake cambuyo, kwezani cibwano, ndipo kwa masekondi osapitirira 10 onani ngati akupuma bwino. Ngati akupuma, mugonekeni cam'mbali kuti masanzi asamutsamwitse, mucotseni zovala zonyowa ndi kumufunditsa. Ngati sapuma, mutsineni mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kufikira cifuwa citakwera. Kwa munthu womira, aphunzitsi ambiri amati muyambe ndi kuuzira kasanu, pakuti cimene wasowa ndi mpweya. Ndiyeno ikani manja pakati pa cifuwa ndi kukanikiza mwamphamvu maulendo 30, mofulumira ngati kawiri pa sekondi, kenaka uzirani kawiri, ndi kubwereza motero. Kwa munthu wamkulu cifuwa cizitsika masentimita 5 kapena 6. Kwa mwana dzanja limodzi lingakwane. Musaleke kufikira atayamba kupuma kapena a zaumoyo atafika. Mukatopa, sinthanani.

Munthu amene watsitsimuka apite kukiliniki kapena kucipatala ngakhale aoneke kuti ali bwino, cifukwa mapapo amene mwalowa madzi angathe kuyamba kuvuta patapita maola.

Pali zizolowezi zimene tiyenera kuzisiya. Kumuzondotsa mwana miyendo m'mwamba, kumukanikiza pamimba kapena kumugubuduza pansi kuti madzi atuluke kumangotaya mphindi zija zocepa, ndipo kumabweretsa masanzi amene amatseka njira ya mpweya. Ena amakana kuyandikira cifukwa amati m'dzenjemo muli cinjoka kapena mizimu imene yatenga munthu wake. Sitidzatsutsana pano za cikhulupiriro ca munthu, koma amene watulutsidwa m'madzi ali pamtunda, ndipo cimene afuna ndi mpweya. Ena amaopa matenda. Kacilombo ka HIV sikapatsirana kudzera m'malovu, ndipo pali kapulasitiki kocinga pakamwa kamene munthu wophunzitsidwa angathe kuyenda nako m'thumba. Enanso amaopa kuti apolisi adzawavutitsa ndi mafunso. Tipempha apolisi kuti azinena poyera pamisonkhano ya m'makomboni kuti wothandiza pangozi si wolakwa. Kupereka umboni kwa ola limodzi n'kopepuka kuposa kukumbukira moyo wonse kuti munangoima ndi kupenyerera.

Kwa inu alimi a m'mbali mwa mzinda ndi a kumidzi, ngozi yanu ili m'madamu a ng'ombe, m'mitsinje yodzaza ndi m'zitsime za kumadimba. Citsime cakuya cingathe kukhala ndi mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha, makamaka ngati mwaikamo pampu ya petulo. Wokumba akakomoka pansi, mbale wake amatsika kukamutenga ndi kukomoka nayenso, ndipo banja limodzi limaika maliro awiri. Injini ya petulo kapena dizilo isalowe m'citsime. Wotsika amangidwe cingwe m'thupi, ndipo pamwamba pakhale anthu okwanira kumukoka. Citsime ciliconse ca pakhomo cikhale ndi cotsekera cimene mwana sangasunthe.

Ndipo inu atsogoleri a mipingo, kumbukirani kuti makwaya ndi magulu a acinyamata amayenda maulendo opita kunyanja. Pa 24 October 2014, tsiku limene dziko linali kukondwerera zaka 50 za ufulu, bwato linagubuduka pa Nyanja ya Kariba m'boma la Gwembe ndipo anthu 26 anafa, ambiri mwa iwo ana a sukulu. Musanakweze ana a eni m'basi kupita ku Siavonga kapena ku Kafue, funsani ngati pagulupo pali munthu wophunzira thandizo loyamba, ndipo musalole mwana kukwera bwato lopanda majekete oyandamitsa.

Tidziwa kuti zimene talemba pamwambapa sizingalowe m'malo mwa maphunziro. Munthu saphunzira kupalasa njinga mwa kuwerenga nyuzipepala. Afunika kugwada pansi, kukanikiza cidole, kulakwitsa ndi kuwongoleredwa. Mabungwe a Zambia Red Cross Society ndi St John Ambulance amaphunzitsa thandizo loyamba ndi kupereka masatifiketi, ndipo maphunziro oyambirira amatenga masiku ocepa cabe. Anthu a kumigodi ya ku Copperbelt anazindikira zimenezi kale-kale, mwakuti amacita ngakhale mipikisano ya thandizo loyamba. Ngati mgodi umaona kuti n'kofunika, nanga komboni imene ili ndi ana zikwi-zikwi?

Ena adzati satifiketi ndi pepala cabe, ndipo pepala silinapulumutsepo munthu. Pali coonadi pamenepa. Tinaonapo mawekishopu amene anthu amapitako cifukwa ca maalawansi ndi cakudya ca masana, ndi kubwerako ndi pepala lokapacika pakhoma. Satifiketi yotere sitiifuna. Imene tikamba ndi imene munthu amalandira atayesedwa ndi manja ake, imene ili ndi tsiku lothera, ndipo imamukakamiza kubwerera kwa mphunzitsi. Ndi njira yokhayo imene kholo lingadziwire kuti amene wagwada pa mwana wake adziwa zimene acita.

Ena adzati ndalama kulibe, anthu ali ndi njala. Ndi zoona kuti zinthu n'zovuta. Koma maliro akagwa m'komboni timasonkha ndalama za bokosi, za basi, za ufa ndi nkhuni za masiku atatu. Ndalama ya maliro timaipeza nthawi zonse. Kodi tingalephere kusonkha yophunzitsira anthu awiri pa mphakati? Komanso mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Makomiti a citukuko a m'mawadi ayenera kulembapo zingwe, majekete, zidole zophunzirira ndi maphunziro, pamodzi ndi kukwirira kapena kucinga maenje oopsa. Ofesi ya DMMU, imene imagawa matenti ndi cakudya madzi akasefukira, ingathandizenso mvula isanagwe.

Nchito yake si yovuta kuiyamba. Sabata ino, mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, amene amakhala m'komboni masana, osati amene amapita kunchito m'tauni. Khonsolo ya parishi isonkhanitse mainawo ndi kuitana aphunzitsi ku holo ya chalichi, pakuti gulu limacepetsa mtengo. Makoparetivu a alimi acite cimodzimodzi pamene akumana kukamba za feteleza. Maina ndi manambala a foni a ophunzitsidwa alembedwe pa bolodi la chalichi, pamsika ndi pa mpopi. Mlembi asunge buku la masiku, kuti zaka ziwiri zikatha awakumbutse kubwereza. Anyamata osambira aja ayambe ndi iwo.

Madzi saiwala khwawa. Maenje amene anadzaza caka catha adzadzazanso, ndipo ana adzapitako ngakhale tiwakalipire motani. Madaiva apitirize nchito yao, ophunzitsidwa bwino ndi otetezedwa. Koma tsiku limene mfuu idzamvekanso mu George, tifuna kuti pa khamu limene lidzathamangira kudzenje pakhale munthu mmodzi amene adzagwada pansi ndi kuyamba kuwerenga mpaka 30.